Alick Nkhata, Woimba Amene Analowetsa Nyimbo za Kumudzi mu Wailesi

Munthu wocokera ku Vubwi, ku Sinda kapena ku Katete akafika mu Lusaka nafunsa kumene kuli nyumba yaikulu ya wailesi ya dziko lino, amamuuza kuti atsate mseu wa Alick Nkhata. Anyamata ambiri amaliwerenga dzinali pa cikwangwani osadziwa mwini wake. Koma akulu amene anali kumvera wailesi m'zaka za m'ma 1950 amawakumbukira bwino bambo amenewa, pakuti mau ao ndi gitala yao zinali kufika m'midzi imene ngakhale galimoto siinali kufikako.

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate ao anali Mtonga wocokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo amai ao anali Mbemba. Motero anakula akumva zinenero zosiyana m'nyumba imodzi, ndipo izi zinawathandiza pambuyo pake kuimba ndi kulankhula m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'Cingerezi popanda kudodoma. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene inayamba mu 1939 ndi kutha mu 1945, analowa usilikali monga anyamata anzao ambiri a mu Northern Rhodesia. Asilikali a dziko lino anatumizidwa kutali, ena mpaka ku Burma, ndipo amene anabwerako anabwera ataona maiko ndi kumva nyimbo za mitundu ina.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anali kuyendayenda m'maiko a kumwera ndi pakati pa Africa ndi makina ojambulira mau. Nchito yake inali yofika m'mudzi, kupempha mfumu kuti iitane oimba, ndi kusunga nyimbo zao m'marekodi. Pa maulendo otere a Nkhata anaphunzira kuti nyimbo ya pa mtondo, ya pa maliro kapena ya pa cinamwali ndi cuma cimene cingatayike ngati nkhalamba yoidziwa ifa isanaisiyire wina. Anaphunziranso kumvetsera mofatsa, kufunsa tanthauzo la mau alionse, ndi kulemekeza woimba wa kumudzi monga katswiri.

Pa nthawi imeneyo wailesi inali cinthu cacilendo. Boma la atsamunda linayamba kuulutsa mau mu Lusaka mu 1941, makamaka pofuna kuuza anthu za nkhondo ndi za abale ao amene anali ku usilikali. Pambuyo pake Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anakulitsa nchitoyi kufikira inakhala nyumba yochedwa Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu akuda a mu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao. Bvuto linali lakuti anthu analibe mawailesi, ndipo m'midzi munalibe magetsi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inayamba kupanga kawailesi kochipa koyendera batire, kogula mapaundi 5. Azungu anakacha Saucepan Special, popeza cikombole cake cinali cozungulira ngati sefuliya. Aphunzitsi, akalaliki, eni masitolo ndi anthu obwerera kucokera ku migodi anayamba kukagula, ndipo nyumba imene munali kawailesika inasanduka bwalo la mudzi wonse madzulo.

Ca m'ma 1950 a Nkhata analowa nchito pa nyumba ya wailesi imeneyi monga woulutsa mau ndi womasulira, ndipo apa ndi pamene luso lao linaonekera. Kale munthu wofuna kumva nyimbo za Ansenga anayenera kupita ku Petauke, wofuna za Abemba anayenera kupita kumpoto, ndipo nyimbo ya mtundu wina inali kumveka kwa okhao amene anafika pa bwalo lake. A Nkhata ndi anzao anali kujambula oimba a m'midzi ndi a m'makomboni ndi kuwaulutsa, kotero kuti mai wa ku Katete anatha kumva kalimba wa kutali ali pa khonde pake, ndipo mnyamata wa kum'mawa wogwira nchito ku Kitwe anamva nyimbo ya kwao namva cifundo ca kumudzi.

Iwo eni anapanga kagulu ka oimba anai, ndipo pambuyo pake gulu lochedwa Lusaka Radio Band, limene linadzachedwa Big Gold Six. Kaimbidwe kao kanali kofatsa. Anali kutenga nyimbo yakale ya kumudzi, kuiyala pa gitala, ndi kugawa mau a oimba kuti wina akwere wina atsike monga m'kwaya, osaononga mtima wa nyimboyo. Anthu a cigawo ca kum'mawa amakumbukira nyimbo ya Cinsenga yochedwa Kalindawalo ni Mfumu, yonena za mfumu yaikulu ya ku Petauke, imene a Nkhata anaimveketsa m'dziko lonse. Zina mwa nyimbo zao zochuka ndi Shalapo, Imbote ndi Taxi Driver.

Nyimbo zambiri za a Nkhata zinali zolangiza. M'zaka zimenezo anyamata anali kucoka m'midzi unyinji wao kupita ku migodi, ku Lusaka ndi ku Salisbury, kusiya akazi, ana ndi minda. M'tauni anapeza mowa wogula, zobvala zonyezimira, cikondi ca ndalama ndi ngongole. A Nkhata anaimba za zonsezi moseka, monga acitira akazi pa mtondo pofuna kudzudzula mwamuna waulesi osamuchula dzina. Womvera anali kuseka poyamba, kenaka ndi kuzindikira kuti nyimboyo ikunena iye. Mwa njira iyi mwambo wakale wolangiza ndi nyimbo unapeza malo m'cipangizo catsopano ca Azungu.

Nchito ya pa wailesi siinali yamtendere masiku onse. Mu 1953 maiko atatu aja analumikizidwa mu Federation, cinthu cimene anthu akuda anacikana kolimba. Popeza nyumba ya wailesi inali ya boma, ena anayamba kukayikira anthu akuda ogwira nchito mmenemo, ndipo mphekesera zoopsa za anthu ogwira anzao usiku, ochedwa banyama, zinawakhudza iwonso. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa nyumbayi, analemba za masiku amenewo m'buku lochedwa Wayaleshi, lotuluka mu 1959. A Nkhata anapirira, ndipo pamene nkhondo ya ufulu inakula anaimba nyimbo zolimbikitsa cipani ca UNIP ca Dr Kenneth Kaunda. Federation inatha mu 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu.

Ufulu utabwera, a Nkhata anakwezedwa nakhala mmodzi wa akulu oyendetsa wailesi ya dziko, ndipo pambuyo pake anatsogolera cigawo ca boma coona za miyambo. Cigawo cimeneci ndico cinali kuyang'anira gulu la magule la dziko, lobvina pa masiku akulu ndi pamaso pa alendo ocokera kunja. Kale atsamunda ndi amishoni ambiri anali kunyoza magule a makolo, ena mpaka kuwaletsa. Tsopano ng'oma zomwezo zinayamba kulira polandira atsogoleri a maiko ena, ndipo mlendo anaona kuti Zambia ali ndi zake zoonetsa. Mu 1974 a Nkhata anapuma pa nchito ya boma napita kukalima ku famu yao ku Mkushi.

Imfa inawapeza kumeneko mwa njira yomvetsa cisoni. Pa nthawiyo Zambia inali kusunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo boma la Ian Smith linali kutumiza ndege ndi asilikali kudzaphulitsa misasa yao. Pa 19 October 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi wina ku Mkushi, misasa ya gulu la Joshua Nkomo. A Nkhata, amene famu yao inali pafupi ndi msasa wa ku Mkushi, anaphedwa pa ciwembu cimeneco ali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka nkhondo yaikulu ya dziko lonse anafera pa munda wake, pa nkhondo ya ufulu wa anansi, kutatsala caka cimodzi ndi theka kuti Zimbabwe amasuke mu April 1980.

Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku Britain inasonkhanitsa nyimbo zakale za a Nkhata ndi kuzitulutsanso pansi pa dzina la Shalapo, ndipo anthu a maiko akutali anazimva kwa nthawi yoyamba. Kuno kum'mawa, mwambo wa Kulamba unayambiranso ku Mkaika mu 1984, ndipo caka ndi caka Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi alendo odzaona magule. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemba Gule Wamkulu pakati pa cuma ca mtundu wonse wa anthu. Ulemu umenewu unakonzedwa njira ndi anthu onga a Nkhata, amene anakhulupirira nyimbo za kumudzi pa nthawi imene ophunzira ambiri anali kucita nazo manyazi.

Nyimbo zimene a Nkhata anajambula zikumveka mpaka lero, koma zambiri zimene sanazifikire zinapita kumanda pamodzi ndi eni ake. M'midzi ya kwa Pembamoyo, kwa Kawaza ndi kwa Nyanje mukali agogo odziwa nyimbo za pa mtondo, za cimtali ndi za pa nthano zimene sizinalembedwe pali ponse. Lero foni ya m'thumba itha kugwira nchito imene kale inafuna galimoto yodzaza makina. Aphunzitsi, anyakwawa ndi anyamata a sukulu angacite bwino kukhala pansi ndi agogo amenewa, kupempha cilolezo cao, ndi kusunga nyimbozo pamodzi ndi matanthauzo ake agogowo akali ndi mau.