Bambo Gregor Mendel ndi Munda wa Nsawawa

Bambo Gregor Mendel anabadwa m'caka ca 1822 m'banja la alimi osauka, m'dziko limene lero licedwa Czech Republic. Anakhala wansembe mu mzinda wa Brno, ndipo kawiri konse analephera mayeso a uphunzitsi.

Kuyambira mu 1856 kufikira 1863 anali kukwatitsa mbeu za nsawawa. Atakwatitsa zazitali ndi zazifupi, zomera zonse zinali zazitali. Koma mu mbadwo waciwiri, imodzi mwa zinai iriyonse inatuluka yaifupi. Potero anazindikira kuti cibadwa cocokera kwa makolo cingabisale, koma sicitayika.

Anafalitsa zimenezi mu 1866, koma akatswiri sanasamaleko. Anamwalira mu 1884, ndipo nchito yao inadziwika mu 1900. Lero malamulo ao aphunzitsidwa m'masukulu a sekondale, ndipo athandiza okonza mbeu zatsopano za cimanga.