Monica wa ku Thagaste

Monica (anabadwa cha m'ma 331, anamwalira mu 387) anali Mkhristu wa kumpoto kwa Africa, mayi ake a Augustine wa ku Hippo. Mpingo wa Katolika umamulemekeza ngati woyera, ndipo amakumbukiridwa chifukwa chopempherera mwana wakeyo kwa zaka pafupifupi 14 mpaka anabatizidwa. Zambiri zokhudza moyo wake zimachokera m'buku la Augustine lotchedwa Confessions.

Banja lake

Monica anabadwira ku Thagaste, tauni imene lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Anakwatiwa ndi Patricius, mwamuna wosakhala Mkhristu, wopsa mtima msanga komanso wosakhulupirika m'banja. Mwamunayo akakwiya, Monica sankamuyankha. Ankadikira kuti mtima wake utsike, kenako n'kumufotokozera mbali yake. Patricius anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira, cha m'ma 371. Anali ndi ana atatu: Augustine, amene anabadwa mu 354, Navigius, ndi mwana wamkazi.

Zaka zodikira

Ali pa maphunziro ku Carthage, Augustine analowa chipembedzo cha Amanikeo, otsatira a Mani, cha m'ma 373. Poyamba Monica anakana kukhala naye nyumba imodzi, koma anamulandiranso atalota maloto amene anamutsimikizira kuti mwanayo adzafika pamene iye waima. Anapemphanso bishopu wina kuti akatsutsane ndi mnyamatayo. Bishopuyo anakana, ponena kuti Augustine anali asanakonzeke kumva, ndipo analangiza mayiyo kuti amusiye, azingomupempherera. Monica ataumirira akulira, bishopuyo anamuuza kuti mwana wokhetseredwa misozi yochuluka chotero sangatayike.

Mu 383 Augustine anaganiza zopita ku Rome. Monica anamutsatira mpaka padoko, akupempha Mulungu kuti ulendowo ulephereke. Augustine anamunamiza kuti akungoperekeza mnzake, n'kumusiya agone m'kachalichi ka Cyprian Woyera pafupi ndi nyanja, ndipo usiku womwewo ngalawa inanyamuka. Pambuyo pake Augustine analemba kuti Mulungu anakana zimene mayi ake anapempha usiku umenewo pofuna kuwapatsa zimene ankapempha masiku onse. Ulendowu ndi umene unamufikitsa ku Milan mu 384, kumene anayamba kumvetsera maulaliki a bishopu Ambrose.

Monica sanangokhala ku Africa. Anawoloka nyanja n'kukapeza mwana wake ku Milan, atasiya kale Chimanikeo koma asanakhale Mkhristu. Si zonse zimene anachita kumeneko zimene zimayamikiridwa lero: anathandiza kukonza zoti Augustine akwatire mtsikana wa banja lolemera, ndipo mkazi amene anakhala naye zaka zambiri, mayi wa mwana wake Adeodatus, anabwezedwa ku Africa. Ukwatiwo sunachitike n'komwe, chifukwa Augustine atatembenuka mtima mu 386 anasankha moyo wosakwatira. Ambrose anamubatiza pa Pasaka, mu Epulo 387, limodzi ndi Adeodatus ndi mnzake Alypius.

Imfa yake

Chaka chomwecho, akudikira ngalawa yobwerera kwawo padoko la Ostia, Monica anauza Augustine kuti chimene ankafunira kukhalabe ndi moyo chachitika. Patapita masiku ochepa anadwala, ndipo anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi la matendawo, ali m'chaka cha 56 cha moyo wake. Anali atakonzeratu manda ake pafupi ndi a mwamuna wake ku Thagaste, koma anauza ana ake kuti amuike paliponse, bola azimukumbukira paguwa la Ambuye.

Anaikidwa ku Ostia. Mu 1430, pa nthawi ya Papa Martin V, mafupa ake anasamutsidwira ku Rome, ndipo ali m'tchalitchi cha Sant'Agostino. Akatolika amamukumbukira pa 27 Ogasiti, kutatsala tsiku limodzi kuti akumbukire mwana wake.