Fritz Leiber, mlembi amene adamanga mzinda wa Lankhmar

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mumzinda wa San Francisco ku America munkakhala bambo wina wamtali kwambiri, m'kachipinda kamodzi ka hotela yotsika mtengo m'dera la Tenderloin. Mkazi wake adali atamwalira ndipo iye adali atalowerera mowa. Mwa anthu odutsana naye mumsewu, ndi ochepa okha amene akadadziwa kuti bamboyu, Fritz Leiber, ndiye adapeka Lankhmar, mzinda umene sudakhalepo padziko lapansi koma umene mpaka lero okonda masewero a nthano a patebulo amayendamo ngati kwawo.

Leiber adabadwa pa 24 Disembala 1910 mumzinda wa Chicago. Bambo ake, omwe dzina lawo lidalinso Fritz Leiber, ndi mayi ake, Virginia Bronson, adali akatswiri a zisudzo ndipo ankayendayenda m'mizinda ya ku America kuonetsa masewero a William Shakespeare. Mwanayu adakula akumva chilankhulo cha m'zisudzozo, chomwe pambuyo pake chidaonekera m'kalembedwe kake. Adamaliza maphunziro ake pa University of Chicago m'chaka cha 1932, kenaka adakayamba maphunziro a zaubusa pasukulu ya General Theological Seminary ku New York, koma sadawamalize. Adatsatako mapazi a makolo ake, mpaka adaoneka pang'ono mufilimu ya Camille ya 1936 momwe mudali Greta Garbo, koma zisudzo sizidamupatse chochita chokhazikika. M'chaka chomwecho cha 1936 adakwatira Jonquil Stephens, ndipo mwana wawo Justin adabadwa mu 1938.

Chiyambi cha Lankhmar chidali kalata. Mu Seputembala 1934 mnzake wapamtima, Harry Otto Fischer, adamulembera kalata momwe adapekamo anthu awiri: Fafhrd, chimphona chochokera kudziko lozizira la kumpoto, ndi Gray Mouser, mwamuna wamfupi, wochenjera ndi wa manja opepuka, wokulira m'misewu ya mumzinda. Awiriwa adali chithunzithunzi cha abwenziwo, pakuti Leiber ndiye adali wamtali ndipo Fischer wamfupi. Leiber adayankha ndi zopeka zake, ndipo makalata atachuluka padabadwa dziko la Nehwon ndi mzinda wake waukulu wa Lankhmar. Mu 1937 abwenziwa adakonzanso masewero a nkhondo a patebulo ochitikira m'dziko lomwelo, oti azisewera okha ndi anzawo. Motero mzindawu udali bwalo la masewero nthano zake zisadasindikizidwe n'komwe.

Nthano yoyamba ya Fafhrd ndi Mouser kusindikizidwa idali Two Sought Adventure, yomwe idatuluka mu Ogasiti 1939 m'magazini ya Unknown, imene mkonzi wake adali John W. Campbell. Panthawiyo nthano za malupanga ndi matsenga zinkakonda kunena za ngwazi zamphamvu zoyenda m'zipululu ndi m'mabwinja. Anthu a Leiber adali osiyana. Adali mbava ndi asilikali aganyu okonda mowa, amene ndalama zikawathera ankasaka kobera kapena wowalemba ntchito. Kwawo kwenikweni kudali mumzinda, ndipo ngakhale ankapita kutali, ankabwerera ku Lankhmar.

Mzindawu adaumanga pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 50. Uli pamene mtsinje wa Hlal umathirira m'nyanja, ndipo kum'mawa kwake kuli dambo lalikulu la madzi amchere. Usiku umakutidwa ndi utsi wosakanikirana ndi nkhungu. Misewu yake ili ndi maina, monga Cheap Street, Gold Street ndi Dim Lane, komwe kuli Silver Eel, nyumba yomweramo mowa imene awiriwo ankakonda kukhalako. M'nthano ya Thieves' House ya 1943, Leiber adaonetsa bungwe la mbava lokhala ndi nyumba yakeyake, atsogoleri ake ndi malamulo ake, lomwe silinkalola munthu kuba mumzindamo popanda chilolezo chake. M'buku la The Swords of Lankhmar la 1968 adaulula kuti pansi pa mzindawo pali mzinda wina wa makoswe anzeru, okonza chiwembu cholanda ulamuliro.

Luso lake pofotokoza moyo wa mumzinda limaonekera bwino m'nthano ya Lean Times in Lankhmar ya 1959. M'nthanoyi muli msewu wa milungu, momwe wansembe wa mulungu watsopano amayambira kumunsi, pafupi ndi chipata cha kudambo, n'kumasunthira kumtunda akamapeza omutsatira ndi zopereka zambiri. Akatha mphamvu amabwerera kumunsi mpaka kutulukiratu mumzindamo. Abwenzi awiri aja atayambana chifukwa cha umphawi, Fafhrd adakhala mtumiki wa kamulungu kosatchuka kotchedwa Issek, pomwe Mouser adalembedwa ntchito ndi Pulg, chigawenga chimene chinkalipiritsa ansembe ndalama kuti chisawavutitse. Chipembedzo cha Issek chitakula, Mouser adatumidwa kukatolera ndalama kwa mnzake yemwe. Mkangano wonsewo udachokera m'kayendetsedwe ka mzindawo, popanda chilombo cha kuphanga kapena mfiti ya kuchipululu.

Kulemba nthano sikunkabweretsa ndalama zokwanira, choncho kwa zaka zambiri Leiber ankagwira ntchito zina. Adaphunzitsako zisudzo ndi kalankhulidwe ka pagulu pa Occidental College ku Los Angeles, panthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse adagwira ntchito yoyendera zipangizo kukampani yopanga ndege ya Douglas, ndipo kuyambira 1945 mpaka 1956 adali mmodzi wa akonzi a magazini ya Science Digest ku Chicago. Ankalembanso nthano za sayansi ndi zoopsa. Smoke Ghost ya 1941 idachotsa mzukwa m'nyumba zakale n'kuuika pamadenga a mwaye a mzinda wamakono. Buku lake la The Big Time lidapata mphotho ya Hugo mu 1958. Mu 1961, mlembi wa ku Britain Michael Moorcock atafunsa dzina loyenera mtundu wa nthano zonga za Conan, Leiber ndiye adapereka dzina lakuti sword and sorcery, kutanthauza lupanga ndi matsenga, lomwe likugwirabe ntchito mpaka pano.

Imfa ya Jonquil mu 1969 idamugwetsa mphwayi. Adasamukira ku San Francisco komwe kwa zaka pafupifupi zitatu mowa, womwe udamusautsapo kale m'mbuyomo, udamugwira kolimba. Mu 1970 mudatuluka Ill Met in Lankhmar, nthano yofotokoza mmene Fafhrd ndi Mouser adakumanirana usiku wina pobera mbava ziwiri za m'bungwe lija. Bungwelo lidabwezera kudzera mwa mfiti yake, ndipo akazi awiri amene anyamatawo ankawakonda, Vlana ndi Ivrian, adaphedwa iwo ali kwina ataledzera. Owerenga ambiri amaona m'nthanoyi chisoni cha mwini wake. Idapata mphotho zonse ziwiri zikuluzikulu za nthano zotere, Hugo ndi Nebula. Atatsitsimuka adalemba Our Lady of Darkness, buku la 1977 lonena za mlembi wamasiye amene akusiya mowa ku San Francisco, ndipo lidapata World Fantasy Award.

Panthawi yomweyo m'tauni yaing'ono ya Lake Geneva ku Wisconsin munkayambika chinthu chimene chidasintha zaka zomaliza za moyo wake. Mu 1974 kampani ya TSR idatulutsa Dungeons & Dragons, masewero opangidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. M'masewerowa anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kutenga mbali ya munthu wongopeka, monga wankhondo kapena wamatsenga. Mmodzi amatsogolera nthano, kufotokoza malo ndi kulankhulira anthu ena onse, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chimene wosewera wayesa chatheka. Chaka chotsatira m'masewerowa mudawonjezedwa mbali ya mbava. M'buku la malamulo la Dungeon Masters Guide la 1979, Gygax adatchula Leiber pakati pa alembi ochepa amene nthano zawo zidaumba kwambiri masewerowo.

Poyamba nthano za m'masewerowa zinkachitikira makamaka m'mapanga ndi m'zipinda za pansi pa nthaka, momwe ntchito ya wotsogolera ndi yopepukirapo, chifukwa makoma amaletsa osewera kupita paliponse ndipo iye amadziwiratu chimene chili kuseri kwa chitseko chilichonse. Mumzinda zinthu n'zosiyana. Osewera angathe kulowa nyumba iliyonse, kufunsa munthu aliyense, ndipo akasolola lupanga pamakhala alonda, mboni ndi abale a wovulalayo. Nthano za Leiber zidapatsa otsogolera njira yothanirana ndi vutoli. Zidaonetsa kuti mzinda suyenera kujambulidwa nyumba iliyonse, bola ukhale ndi misewu ingapo yodziwika, malo amodzi okumanirana kumene mphekesera ndi maganyu zimapezeka, ndi magulu a zofuna zosiyana monga mbava, ansembe, amalonda ndi akunyumba yachifumu. Osewera akakondweretsa gulu lina amaputa linzake, ndipo zimene achita lero zimawatsatira mawa, popeza amagona mumzinda womwewo.

TSR idaona phindu la mzindawu msanga. Mu 1976 idatulutsa masewero otchedwa Lankhmar, ochokera pa aja amene Leiber ndi Fischer adakonza mu 1937, ndipo chaka chomwecho Leiber adali mlendo wolemekezeka pamsonkhano wa okonda masewero wa Gen Con. Mu 1985 kampaniyi idatulutsa Lankhmar: City of Adventure, buku lothandiza otsogolera kuyendetsa nthano mumzindawo. Mapu ake adasiya dala malo ena opanda kanthu, oti wotsogolera aziikapo timapu ta tinjira ndi nyumba osewera akafikapo, kotero kuti Lankhmar wa gulu lina sankafanana ndendende ndi wa gulu linzake. Ndalama zimene TSR inkamulipira chifukwa chogwiritsa ntchito nthano zake zidamuthandiza kukhala mosavutika kwambiri paukalamba wake. Masewero amene adayamba ngati zocheza za abwenzi awiri adadzasamala mmodzi wa iwo patapita zaka zoposa 40.

Ulemu udabwera ali moyo. Mu 1976 adalandira World Fantasy Award ya ntchito ya moyo wake wonse, ndipo mu 1981 bungwe la alembi a nthano za sayansi ku America lidamupatsa udindo wake wapamwamba wa Grand Master. Mlembi wa ku Britain Terry Pratchett, m'buku lake la The Colour of Magic la 1983, adaikamo anthu awiri otchedwa Bravd ndi Weasel motengera Fafhrd ndi Mouser mwanthabwala. Fischer adamwalira mu 1986, ndipo mu 1988 Leiber adatulutsa buku lomaliza la abwenzi awiri aja, The Knight and Knave of Swords, momwe akuoneka atakula, atasiya kuyendayenda ndi kukhazikika pachilumba chakutali ndi Lankhmar.

Mu 1992 Leiber adakwatira Margo Skinner, mtolankhani ndi mlakatuli amene adali mnzake kwa zaka zambiri. Patangopita miyezi yochepa adadwala pobwerera kuchokera kumsonkhano wa alembi ndi owerenga mumzinda wa London m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndipo adamwalira ku San Francisco pa 5 Seputembala 1992 ali ndi zaka 81. Atamwalira, makampani ena a masewero monga Mongoose Publishing, Pinnacle Entertainment ndi Goodman Games adatulutsanso mabuku a Lankhmar, aliyense ndi malamulo ake, ndipo bungwe la mbava lija tsopano limapezeka m'mizinda yambiri yongopeka ya m'mabuku, m'masewero a patebulo ndi a pakompyuta.