Levi Mumba, mlembi amene sanatope kugogoda ku Zomba

Tikalandira malipiro kuno ku South Bend kapena ku Indianapolis n'kupeza msonkho utadulidwa kale, chonsecho ambirife sitiponya voti m'dziko lino, timakumbuka a Levi Zililo Mumba. Nkhani imeneyi iwo ankaidziwa bwino.

A Mumba anali Mngoni wa kumpoto, wophunzira ku mishoni ya Livingstonia. M'masiku awo, dziko la Nyasaland linali ndi nyumba ya malamulo ku Zomba kuyambira 1907. Makolo athu ankakhoma msonkho wa nyumba, koma m'bwalolo munalibe wakuda ndi mmodzi yemwe. Wowayankhulira anali mmishonale wachizungu wosankhidwa ndi bwanamkubwa. Tangoganizani, mlandu wanu ukukambidwa inu muli kumunda!

Mu 1912 a Mumba anakhala mlembi wa North Nyasa Native Association. Sananyamule mfuti ngati a Chilembwe mu 1915. Chida chawo chinali kalata. Ankalembera boma za sukulu, za msonkho, komanso zoti eni dziko azidziyankhulira okha. Mwina tingati ankafatsa mopitirira, koma sanaleke kwa zaka zoposa 30.

Mu 1944, mothandizana ndi a James Sangala, anagwirizanitsa mabungwe oterewa kukhala Nyasaland African Congress, ndipo a Mumba ndiwo anali pulezidenti woyamba. Anamwalira mu January 1945, mpandowo asanaukhalitse n'komwe.

Akuda awiri oyamba analowa m'nyumba ija mu 1949, nawonso ochita kulozedwa ndi bwanamkubwa. Mu 1961 m'pamene Malawi Congress Party, yobadwa ku Congress yomweyo, inapambana chisankho.