Egas Moniz: Dokotala Amene Anaonetsa Mitsempha ya Magazi pa Chithunzi

Mphunzitsi mnzanga, tiyerekeze kuti mukuphunzitsa kalasi ya kwacha ku Cowdray Park mumzinda wa Bulawayo. Mayi wina wabwera ndi kalata yakuchipatala yonena kuti akajambulidwe mitsempha ya magazi, ndipo mantha amugwira. Mungamuthandize bwanji? Mbiri ya Egas Moniz ikupatsani poyambira.

Moniz anabadwa m'chaka cha 1874 ku Avanca m'dziko la Portugal. Anaphunzira udokotala ku Coimbra, kenako n'kukhala mphunzitsi wa matenda a ubongo ku Lisbon. Analinso wandale, moti anakhalapo nduna yoona za maubale ndi mayiko ena.

Nthawi imeneyo makina a X-ray ankaonetsa mafupa bwinobwino, koma mitsempha ayi. Moniz anaganiza zolowetsa mankhwala m'magazi kuti mitsemphayo izioneka pachithunzi. Anayamba kuyesera pa agalu ndi pa mitembo. Zinthu sizinayende msanga, ndipo wodwala mmodzi anamwalira atabayidwa mankhwala oyamba aja. Moniz anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi ayodini. M'chaka cha 1927 anajambula mitsempha ya mu ubongo wa munthu wamoyo, ndipo malo a chotupa anadziwika. Popeza nyamakazi inali itamupundula manja, jakisoni ankabaya ndi mnzake, Almeida Lima.

Mu 1949 analandira mphotho ya Nobel, koma osati pa ntchito imeneyi. Anailandira chifukwa cha opaleshoni yodula mbali ina ya ubongo wa odwala misala. Opaleshoniyo inavulaza anthu ambiri ndipo madokotala anaisiya. Moniz anamwalira ku Lisbon mu 1955.

Mwaona kuti vuto lalikulu silinali makina koma mankhwala olowa m'magazi. Mankhwala a masiku ano ndi abwino kuposa akale, komabe madokotala amasamala. N'chifukwa chake asanajambule amayeza magazi kuti aone ngati impso zikugwira bwino ntchito, pakuti impso ndi zimene zimachotsa mankhwalawo m'thupi.

Choncho muuzeni mayi uja kuti asabise kanthu. Anene ngati ali ndi pakati, matenda a shuga kapena a impso, komanso ngati thupi lake linadanapo ndi mankhwala ojambulira. Atenge mankhwala onse amene amamwa, makamaka metformin ndi warfarin, akawaonetse, koma asasiye kumwa dokotala asananene. Ngati auzidwa kuti asadye kwa maola angapo, atsatire. Apite ndi womuperekeza, ndipo akamaliza amwe madzi monga mmene amulangizira.

Ntchito

1. Fotokozani chifukwa chimene Moniz anasinthira mankhwala ake.
2. Lembani ziganizo zisanu zosavuta zimene ophunzira anu angawerenge zokhudza kukonzekera kukajambulidwa.