Bambo João de Deus Kamtedza, S.J. (1930-1985)

Bambo João de Deus Kamtedza anabadwa pa 8 Malichi 1930 m'dera la Angónia, kum'mawa kwa Chifunde. Analowa m'Chipani cha Yesu m'chaka cha 1951, nalandira unsembe ku Lifidzi pa 15 Ogasiti 1964, pamaso pa anthu akwawo.

Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo pambuyo pake panabuka nkhondo yapachiweniweni. Apa mpamene ubusa wawo unaonekera poyera. Malire a Malawi anali pafupi, anthu ankathawira komweko, koma iwo anakakhazikika pamudzi wa Chapotera, pakati pa akhristu osauka ndi amantha. Analibenso sukulu kapena chipatala choti athandizire nacho anthuwo. Chimene anali nacho n'kukhala nawo basi, kuwachitira Nsembe ya Misa, kuwapatsa masakramenti ndi kulira nawo maliro.

Pa 30 Okotobala 1985 anthu onyamula zida anawagwira pamodzi ndi mnzawo, Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, nawapha onse awiri. Mu 2021 Ambuye Diamantino Antunes, Episkopi wa Tete, anatsegula kafukufuku woti awiriwa adzatchedwe Odala.