ASH-SHARIF AL-IDRISI NDI MAPU A GOMBE LA SOFALA

Ambiri a ife tidamvapo za doko la Beira ku Mozambique, ndipo ena mwa amalonda athu adafikako kumene. Pafupifupi makilomita 35 kummwera kwa Beira kuli malo otchedwa Sofala. Lero ndi malo aang'ono, koma zaka zoposa 800 zapitazo mbiri yake idamveka mpaka ku nyumba ya mfumu ya ku Sicily, chilumba cha kummwera kwa Italy. Kumeneko Msilamu wina wophunzira adajambula Sofala pa mapu, nalemba za anthu ake ndi malonda ake, chonsecho iye sadapondepo phazi. M'kabuku ka Idi kano tasankha kukumbukira moyo wa munthu ameneyu, poti buku lake lalikulu adalimaliza m'mwezi wa Shawwal, mwezi womwewu umene timauyamba ndi Idi.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

Dzina lake lonse ndi Abu Abdullah Muhammad ibn Muhammad ibn Abdullah ibn Idris. Adabadwa cha m'ma 1100 mu mzinda wa Sabta, umene masiku ano ukutchedwa Ceuta. Mzindawu uli pa nsonga ya kumpoto kwa Africa, moyang'anizana ndi Spain. Makolo ake adali a banja la Hammud limene lidalamulirapo mzinda wa Malaga, ndipo banjali lidachokera kwa Idris, amene adakhazikitsa ufumu ku Morocco m'chaka cha 788. Idris ameneyu adali wa mbumba ya Hasan mwana wa Ali (R.A.), n'chifukwa chake munthu wathuyu amatchedwa Sharif.

Pamene iye ankabadwa, ufumu udali utachoka kale pa banja lawo. Chimene chidatsala ndi dzina ndi maphunziro basi. Adakaphunzira ku Cordoba, ku Andalus, ndipo adayamba maulendo akadali mnyamata. Ali ndi zaka 16 adafika ku Asia Minor, dziko limene lero ndi Turkey. Adayenda m'madera ambiri a kumpoto kwa Africa ndi a Andalus, ndipo pafupi ndi Lisbon adadzionera yekha malo amene anthu ankatola golide m'mbali mwa madzi.

KUITANIDWA KU PALERMO

Chilumba cha Sicily chidakhala m'manja mwa Asilamu kwa zaka zoposa 200. Asilamu adayamba kuchilowa mu 827, koma pofika 1091 chonse chidali chitalandidwa ndi anthu otchedwa Norman, omwe adali Akhristu. Mfumu yawo Roger II adavekedwa ufumu mu 1130. Iyeyu sadathamangitse Asilamu. Makalata a boma lake ankalembedwa m'Chiarabu, m'Chigiriki ndi m'Chilatini, ndipo ndalama zake zina zidali ndi malemba a Chiarabu.

Cha m'ma 1138 Roger adaitana Al-Idrisi ku Palermo, likulu lake. Mfumuyi inkafuna kudziwa malire a dziko lake, njira zake za pamtunda ndi za panyanja, komanso maiko ena onse a pansi pano. Al-Idrisi adavomera, ndipo ntchitoyo idadya zaka 15.

M'MENE ANKAGWIRIRA NTCHITO

Poyamba adasonkhanitsa mabuku a akatswiri akale monga Ptolemy wa ku Alexandria, Ibn Khurdadhbih, Al-Mas'udi ndi Ibn Hawqal. Atawayerekeza adapeza kuti pa zinthu zambiri mabukuwo akutsutsana. Tsono mfumu idalamula kuti aitanidwe anthu oyenda maulendo ataliatali. Palermo lidali doko lalikulu, choncho amalonda ndi oyendetsa zombo sankasowa.

Anthuwo ankafunsidwa kudzera mwa womasulira, nthawi zina onse pamodzi, nthawi zina aliyense payekha. Zimene mawu awo agwirizana ankazilemba, ndipo zimene asemphana ankazisiya pambali. Ife amene tidaphunzirako za Hadith njira imeneyi si yachilendo kwa ife: nkhani imayamba yafufuzidwa kumene yachokera, kenako n'kulandiridwa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mitunda ya pakati pa mizinda ankaiyeza pa thabwa lojambulirapo ndi zipangizo zachitsulo. Zonse zitakhala m'malo mwake, amisiri adasula chimbale chachikulu cha siliva, cholemera kuposa makilogalamu 100, nazokotapo nyanja, mitsinje, mapiri ndi mizinda. Pamodzi ndi chimbalecho padalembedwa buku lotchedwa Nuzhat al-Mushtaq fi Ikhtiraq al-Afaq, limene Aarabu amangolitcha Kitab Rujar, ndiye kuti Buku la Roger. Lidatha mu Shawwal chaka cha 548 Hijri, mu Januwale 1154. Mfumu Roger adamwalira mwezi wotsatirawo.

MAONEKEDWE A MAPUWO

Al-Idrisi adalemba kuti dziko ndi lobulungira ngati mpira, ndipo lakhala pakati pa thambo monga momwe chachikasu chija chimakhalira m'kati mwa dzira. Mbali ya dziko imene ankadziwa kuti kuli anthu adaigawa m'zigawo 7 zopingasa, zotchedwa iqlim, kuyambira kotentha kummwera kukafika kozizira kumpoto. Chigawo chilichonse adachidulanso pa 10, kuchokera kumadzulo kumka kummawa. Kotero m'bukumo muli mapu 70, alionse ndi mawu ake ofotokoza mizinda, mitunda, zokolola, malonda ndi miyambo ya anthu.

Mwana wa sukulu akawaona mapuwa angaganize kuti wawagwira chozondoka, chifukwa kummwera kuli pamwamba ndipo kumpoto kuli pansi. Umu ndi momwe ojambula mapu ambiri a Chisilamu ankachitira nthawi imeneyo. Ndiye kuti pa mapu a Al-Idrisi Africa ali pamwamba pa Ulaya, ndipo gombe la Sofala lili cha kumtunda kwenikweni, kumapeto kwa dziko lodziwika.

ZIMENE ADALEMBA ZA GOMBE LATHU LA KUMMAWA

Gombe la kummawa kwa Africa adaliyala motsatana. Adayamba ndi mizinda ya ku Somalia monga Marka, n'kubwera ku dziko la Zanj kumene adatchula Malindi ndi Mombasa, n'kufika ku dziko la Sofala. Kupitirira pamenepo adaikako dziko lotchedwa Waq-waq, limene mbiri yake idali ya m'maluwa.

Za Malindi adati anthu ake ndi asodzi ndi alenje, amasaka akambuku, ndipo ali ndi migodi ya chitsulo imene amapeza nayo phindu lalikulu. Adatchulanso anthu a kumeneko odziwa kugwira njoka, amene dzina lawo adalilemba m'zilembo za Chiarabu kuti maqanqa. Akatswiri a zilankhulo amaona m'mawu amenewa liwu la Chiswahili loti mganga, mbale wake wa liwu lathu loti sing'anga. Mwaonatu, liwu la kuno kwathu lidayenda pakamwa pa amalonda mpaka kukalembedwa ku Palermo.

Adalembanso kuti anthu a ku Zanj adalibe zombo zoolokera nyanja yaikulu. Zombo zinkachokera ku Oman ndi ku zilumba za kummawa kudzagula katundu. Za Sofala adasimba zinthu ziwiri. Choyamba ndi chitsulo: amalonda ankachitengera ku India, kumene amisiri ankasula nacho malupanga otchuka. Chachiwiri ndi golide, amene adati ndi wochuluka ndi wabwino, ngakhale eni dziko ankakonda kudzikongoletsa ndi mkuwa.

Mawu amenewa akutisonyeza gombeli likadali kukula. Ofukula zinthu zakale adapeza mikanda ya galasi yochokera kunja pa malo otchedwa Chibuene, pafupi ndi Vilanculos, umboni woti malonda a panyanja adayamba kumeneko kalekale Al-Idrisi asadabadwe. Al-Mas'udi, amene adayenda panyanjayi mu 916, adatchula kale golide wa ku Sofala. Golideyo ankachokera kumtunda, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo Sofala udali khomo lake lotulukira.

PAMENE MAPUWO ADAPHONYA

Tisabise, mapu a gombeli ali ndi cholakwa chachikulu. M'malo moti gombe litsike kummwera monga lilili, Al-Idrisi adalikhotetsera kummawa, kotero kuti Sofala akuoneka moyang'anizana ndi India ndi China, ndipo nyanja ya India yakhala ngati ngalande yaitali yodzaza ndi zilumba. Maganizo amenewa adawatengera kwa Ptolemy. Za m'kati mwa Africa adajambula mtsinje wa Nile ukuchokera ku mapiri otchedwa Jabal al-Qamar n'kudutsa m'nyanja zingapo, koma nyanja yathu ya Malawi palibepo.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Za Italy, Andalus ndi kumpoto kwa Africa adali ndi mboni zambiri, ndipo madera ena adawayenda yekha, choncho mapu ake a kumeneko ndi olongosoka ndithu. Koma ku Palermo anthu oti adafikako ku Sofala adali osowa. Pamene mboni zidachepa adatsamira pa mabuku akale, ndipo cholakwa cha mabukuwo chidalowa m'mapu ake. Nanga munthu angayeze bwanji mawu a mboni imodzi popanda inzake?

MTENGO UMENE ADALIPIRA

Pali mbali ina ya moyo wake imene ndi yovuta. M'zaka zomwezo Al-Idrisi ankagwira ntchito ku Palermo, zombo za nkhondo za Roger zinkalanda mizinda ya Asilamu kumpoto kwa Africa: Tripoli mu 1146 ndi Mahdia mu 1148. Iye adatumikira mfumu imeneyi, ndipo m'mawu oyamba a buku lake adaitamanda kwambiri. Olemba mbiri za anthu ophunzira a Chisilamu a nthawi imeneyo adalemba zochepa zedi za iye, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti chifukwa chake n'chimenechi.

Ngakhale zili choncho, buku lake adalilemba m'Chiarabu, adaliyamba ndi kutamanda Allah, ndipo amene adalisunga ndi kulikopera pamanja kwa zaka mazana ndi Asilamu. Ibn Khaldun, pofotokoza za maiko mu Muqaddimah yake, adadalira buku lomweli.

Roger atamwalira zinthu zidayamba kuwaipira Asilamu a ku Sicily. Mu 1161 kudabuka chipolowe ku Palermo, nyumba ya mfumu idafunkhidwa ndipo Asilamu ambiri adaphedwa. Chimbale cha siliva chija sichidafike m'masiku athu ano. Al-Idrisi adalembanso buku la zomera za mankhwala, momwe adapereka maina a zomerazo m'zilankhulo zosiyanasiyana. Adamwalira cha m'ma 1165. Allah amuchitire chisoni ndi kumukhululukira.

ULENDO WA BUKULO

Chidule cha bukuli chidasindikizidwa m'Chiarabu ku Rome mu 1592. Mu 1619 chidamasuliridwa m'Chilatini ku Paris, koma popanda dzina la mwini wake. Pa ndime yofotokoza za mtsinje wa Nile, omasulirawo adawerenga molakwa chilembo chimodzi, ndipo liwu lotanthauza dziko lake lidasanduka dziko lathu. Basi iwo adaganiza kuti wolemba adali wa ku Nubia, nalitcha bukulo Geographia Nubiensis. Ana athu a ku madrasa amene amanyinyirika tikamawabweza pa chilembo chimodzi amve nkhani imeneyi.

Bukuli lidamasuliridwa m'Chifalansa ndi Pierre Amédée Jaubert pakati pa 1836 ndi 1840. M'zaka za m'ma 1920 Mjeremani wina, Konrad Miller, adalumikiza mapu 70 aja kukhala mapu amodzi aakulu, omwe ndi amene amaoneka m'mabuku ambiri lero. Makope olembedwa pamanja akusungidwa ku Paris, Oxford, Istanbul ndi kwina.

NANGA SOFALA ZIDAMUTHERA BWANJI?

Al-Idrisi atapita, malonda a golide wa ku Sofala adagwa m'manja mwa mafumu a ku Kilwa, chilumba cha ku Tanzania, ndipo Kilwa adalemera nawo kwambiri. Ibn Battuta adafika ku Kilwa mu 1331 ndipo adauzidwa kuti Sofala ali mtunda wa theka la mwezi kuchokera pamenepo. Vasco da Gama atazungulira kummwera kwa Africa ndi kudutsa gombeli mu 1498, mapu atsopano, monga a Cantino a 1502, adaongola gombe lija limene Al-Idrisi adalikhotetsa.

Mu 1505 Apwitikizi adamanga linga ku Sofala kuti agwire malonda a golide. Sadapindule monga ankayembekezera, poti amalonda a Chiswahili adayamba kudzera njira ya mtsinje wa Zambezi ndi doko la Angoche. Mchenga nawo udakwirira doko la Sofala pang'onopang'ono. Mzinda wa Beira utayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, miyala ya linga lija idatengedwa kukamangira mzinda watsopanowo. Dzina lokha ndi limene lidatsala, ndipo chigawo cha Mozambique chimene likulu lake ndi Beira chimatchedwa Sofala.

Abale ndi alongo, munthu uyu adakhala zaka 15 akufunsa, akuyerekeza, akutaya zimene sizidatsimikizike. Pamene adali ndi mboni zokwanira ntchito yake idaima nji kwa zaka mazana, ndipo pamene mboni zidachepa adaphonya, ngakhale adali wophunzira chotere. Ife amene timalandira nkhani pa lamya n'kuitumiza kwa anzathu mphindi yomweyo tili ndi choti tiphunzirepo. Ndipo makolo, mwana akabwera ndi buku la mapu kuchokera ku sukulu, khalani naye pansi mumuonetse Ceuta, Palermo ndi Sofala, mumuuze kuti maphunziro amenewa ndi ake. Tikufunirani nonse Idi yabwino.